Bondo la Kenro Pansi pa Bwato la Khnum

Kenro woumba njerwa anabadwa chaka chimene Mtsinje unachedwa kusefukira, ndipo amayi ake ankati mwanayo anatengera Mtsinjewo. Anachedwa kuyenda, anachedwa kulankhula, ndipo atayamba kulankhula anthu anaona kuti sanali kudikira zambiri. Kwathu kuno ku Iguputo mwana wamwamuna mutu ukamagwira amamutumiza kwa alembi, dzanja likakhala lofatsa amapita kwa osema miyala, akakhala ndi msana wokha amapita ku dothi. Kenro anapita ku dothi. Madzi a Nailo akabwerera m'malo mwake, iye ankaponda matope akuda ndi mapesi a barele, n'kumasenza njerwa pa goli kuchokera kugombe mpaka kumene minda imathera ndi kuyamba mchenga wofiira. Pofika zaka makumi awiri mapewa ake anali ngati chitseko cha nkhokwe.

Mayeso amene anakhoza pamoyo wake ndi amodzi, ndipo anakhoza atangoima chilili. Khnum wa m'mudzi mwathu, mulungu wa mutu wa nkhosa yamphongo uja amaumba ana asanawaike m'mimba, amatuluka m'kachisi masiku a chikondwerero ali m'kabwato kake kophimba ndi nsalu. Bwatolo siligunda madzi. Limayenda pamapewa pa amuna asanu ndi atatu, anayi pamtengo uwu, anayi pamtengo uwo, ndipo amunawo ayenera kukhala a msinkhu umodzi, apo ayi mulungu amayenda chopendekeka ngati akuchokera ku mowa. Chaka china mmodzi wa onyamulawo anamwalira. Wansembe wathu, a Hormin, anatenga chingwe n'kuyamba kuyeza mapewa a mudzi wonse. Ana a alembi anatalika, ana a asodzi anafupika. Kenro ankangodutsa ndi njerwa zake. Anamuimitsa, anamuyeza, chingwe chinakwana ndendende.

Kuyambira tsiku limenelo moyo wake unasintha fungo. Chikondwerero chikayandikira ankamumeta thupi lonse mpaka nsidze, ankasala nsomba masiku atatu, ankasamba m'thamanda la kachisi n'kuvala bafuta woyera. Madzulo ake ankabwera kunyumba ndi mkate wotsala pagome la mulungu, nthawi zina ndi ntchafu ya tsekwe. Wabet wofulula mowa, amene anali atakana kale amuna atatu anzeru, anamulola Kenro. Ankati anzeruwo akanamamuyankha.

Koma ntchitoyo si kusenza kokha. Mulungu akatuluka, anthu amamudikira m'njira ndi mafunso awo: wandibera mbuzi ndi uje kodi, ndikwere bwato lopita kumpoto kodi, mwana wanga achira kodi. Wansembe amafunsa mokweza. Bwato likapita kutsogolo, yankho ndi inde. Likabwerera m'mbuyo, ndi ayi. Kenro anali kutsogolo kumanzere, ndipo anzake pa mowa sankamusiya.

"Tatiuze zoona iwe, amayamba kukankha ndani?"

"Palibe akankha," ankatero Kenro. "Umangomva mtengo walemera, miyendo yanyamuka yokha. Ukamazindikira wapita kale."

Ankamuseka, koma ankamukhulupirira, chifukwa bodza limafuna mutu, ndipo Kenro mutu wake unali wosenzera zinthu.

Bodza lake linali limodzi lokha, ndipo linali m'bondo. Atasenza mulungu zaka makumi awiri ndi zinayi, bondo lakumanzere linayamba kutupa. Lamulo la kachisi ndi lodziwika: wonyamula mulungu akhale wa thupi lathunthu. Pathamanda paja a Hormin amafunsa aliyense payekha kuti, "Thupi lako ndi lathunthu?" Zaka ziwiri Kenro ankayankha kuti ndi lathunthu, bafuta atamutsitsa pang'ono kuti aphimbe bondolo. Wodziwa anali Wabet yekha, amene ankalipaka mafuta a nsatsi m'mawa uliwonse.

"Ili si bondo ili, ndi vwende," ankatero Wabet.

"Ingopakani, mayi."

"Tsiku lina mudzamugwetsera m'ngalande mulunguyo. Ndiye tidzaona amene adzakuumbeni kachiwiri."

"Ndikasiya mtengo uja ndikhala ndani? Woponda matope basi."

"Nanga ine ndinakwatiwa ndi mtengo?"

Chaka chimene nkhaniyi inachitika Mtsinje unadzaza mopyola muyeso. Unalowa m'makhola, unanyambita zipupa, ndipo pobwerera unatenga miyala ya malire ingapo. Umodzi unali wa Tameket, mkazi wamasiye wa malemu Seba, amene anali ndi ana aakazi atatu ndi kamunda kamodzi koyambira pa mkuyu kukafika pa ngalande. Mwalawo anaupeza utagona m'matope kutali ndi malo ake. Woyandikana naye munda, Nebsen, munthu wa ng'ombe ziwiri ndi abale osawerengeka, anati mwalawo unkaima pafupi ndi mkuyu pomwepo, ndiye kuti pafupifupi kamunda konseko n'kake. Bwalo la mudzi linakhala tsiku lonse. Theka la akuluakuluwo anali amalume ake a Nebsen, theka linalo ankakumbukira Seba akulima pamalopo. Atatopa anati nkhaniyo ipite kwa Khnum.

Nthawi inali yochepa. Matope amene Mtsinje umasiya sadikira munthu. Ukachedwa kufesa masiku khumi amauma n'kung'ambika, ndipo kuno mvula ndi nkhani yomva kwa alendo. Tameket akanaluza kamundako, kapena akanangochedwa, chaka chonse ana ake akanadya zokunkha m'minda ya anthu.

Tsiku la chikondwerero dzuwa linali pamutu pamene bwato linafika pa mkuyu. Tameket anagwada m'njira. A Hormin anafukiza lubani n'kufunsa mokweza kuti, "Mbuye wathu Khnum, kodi munda woyambira pa mkuyu uwu kukafika pa ngalande ndi wa Tameket, mkazi wa Seba?"

Kenro anaima kudikira kulemera kuja. Sikunabwere. Chimene chinabwera ndi ululu, ngati munthu wamulasa ndi minga ya mthethe pansi pa bondo. Mwendo unafooka. Kuti asagwe ndi mulungu yemwe, anaponda kumbuyo. Mtengo unakankha wakumbuyo kwake, ameneyo anatsatira, enawo anatsatiranso monga amachitira nthawi zonse, ndipo bwato linabwerera m'mbuyo mapazi anayi abwino.

"Mbuye wakana," anatero a Hormin.

Abale a Nebsen anaomba m'manja. Tameket anagunditsa mphumi pansi, anadzuka, anasansa fumbi pamaondo n'kumapita. Mulungu akanena, palibenso bwalo lina.

Tsiku limenelo Kenro anabwera ndi ntchafu ya tsekwe n'kuiika pambale osaiyang'ana. Wabet anayang'ana ntchafuyo, anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana bondo.

"Anakana uja ndi Khnum kapena vwende?"

Kenro anakankhira mbaleyo kutali.

"Ine sindinena kanthu," anatero Wabet. "Koma mtima wanu ndikuudziwa, ndi wa pakamwa. Tsiku limene adzauike pa sikelo kuuyeza ndi nthenga ya choonadi kutsidya kwa akufa, oweruza asanafunse n'komwe udzayamba wokha kuti, kunali mkuyu, kunali mkazi wamasiye. Chilombo chodya mitima ya abodza chija chidzakhala chikunyambita kale milomo."

"Mwati simunena kanthu."

"Ndamaliza."

M'mawa mwake Kenro anapita kukachisi. Anapeza a Hormin, amene tsopano anali nkhalamba ya mano anayi, atakhala pamthunzi akulimbana ndi nkhuyu zouma. Kenro anakhala pansi n'kunena kuti dzulo mwendo wake unafooka, ndipo ndi iye amene anabweza bwato.

A Hormin anatafuna kanthawi. "Bondo limenelo anaumba ndani?"

"Khnum, bambo."

"Ndiye mwini wake walipinda, iwe ukudandaula chiyani? Ukuganiza kuti mulungu amakankha ndi chiyani? Ali ndi miyendo yake pansi pa bwato paja? Miyendo yake ndi inuyo. Dzulo anafuna bondo, anatenga lako. Pita ukaumbe njerwa."

Mawu amenewa anamutsitsa Kenro katundu. Za kutupa kwa zaka ziwiri sanatchule, ndipo a Hormin sanafunse. Anabwerera kunyumba akuimba, anadya ntchafu ija ndi mikate iwiri ndi anyezi, n'kuuza Wabet kuti anthu ophunzira amaona zinthu patali.

"Eya," anatero Wabet. "Patali amaona. Ndi pafupi pamene pamawavuta."

Mtendere wakewo unakhala tsiku limodzi. Tsiku lotsatira anasenza njerwa kupita kwa Tameket, poti madzi aja anagwetsa mbali ya chipupa chake ndipo anali atalonjeza kale kudzakonza. Atalowa pabwalo anamva mphero ikulira. Tameket anali atagwada akupera barele, ndipo pambali pake panali mtsuko waukulu wothyoledwa chomata chake cha dothi. Aliyense amaudziwa mtsuko wotere. Ndi umene munthu amamata pokolola, osaugunda ngakhale njala ivute bwanji, mpaka tsiku lofesa.

"Mayi, imeneyi si ya mbewu?"

"Inali ya mbewu. Ndikafese padenga?"

Kenro anatsitsa goli.

"Mulungu wanena, achimwene," anatero Tameket osasiya kupera. "Ine ndine ndani? Ndiye kuti Seba ankalima munda wa eni zaka zonse zija osandiuza. Ndamuuza kale kuti mkate wake wa kumanda aiwale kaye. Akhale ndi njala kumadzulo kwa akufako aganize bwino zimene anandichita."

"Seba sananame."

"Mwadziwa bwanji inu, kuposa amene mumamunyamula?"

Kenro anayang'ana ufa umene unali kugwera m'lichero. Mtsuko unali utatsika kale kufika pakati.

"Lekezani pomwepo," anatero. "Yotsalayo mateninso."

"Chifukwa?"

"Ingomatani. Chipupa ndibwera mawa."

Anasiya njerwa pomwepo n'kubwerera kukachisi, ndipo ulendo uno sanabise kutsimphina. A Hormin anamuona akubwera n'kuusa moyo.

"Iwe kachiwiri. Tsopano chakankha mulungu ndi chiyani, chigongono?"

Kenro anakweza nsalu n'kuonetsa bondo. Nkhalambayo inasiya kutafuna.

"Zaka ziwiri, bambo. Pathamanda paja mumandifunsa, ine ndimati ndi lathunthu."

"Zaka ziwiri ukundinamiza ine ndi maso angawa?"

"Maso anuwo ndiye anandithandiza, bambo."

A Hormin anasisita mutu wawo wometa. Kenako analankhula pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pamatope oterera.

"Mvetsa bwino. Mulungu salakwitsa. Zimenezo usadzazinene, ngakhale kutulo. Anabwerera m'mbuyo, ndipo anali ndi chifukwa. Koma tsopano ndikuona kuti sankakana Tameket. Funso lija sanaliyankhe n'komwe. Ankathawa wabodza amene anali pansi pa mtengo wake. Ankakana iwe."

"Ndiye akhoza kufunsidwanso?"

"Akhoza. Atulukanso pakapita masiku anayi, kudalitsa makasu. Koma anthu sangamve kwa ine kuti tifunsenso. Akamve kwa iwe, pachipata, mudzi wonse uli pomwepo. Mtengo uja sudzaugundanso. Mkate wa pagome watha. Ndipo pali ndodo khumi."

"Pamsana, bambo. Pabondo ayi."

"Pamsana. Pabondo pakwana kale."

A Hormin anatumiza mawu kwa Nebsen kuti asafese kanthu pa mkuyu paja kufikira mulungu atatuluka. Mawuwo anamupeza atalima kale kamunda konseko ndi ng'ombe zake, mizere yowongoka bwino. Anakalipa, koma wansembe sakanidwa. Masiku anayiwo dzuwa silinapume. Kenro ankamanga chipupa cha Tameket, ndipo popita ndi pobwera ankapatuka kukaponda dothi la kamundako ndi chala chachikulu cha phazi. Tsiku loyamba chala chinalowa chonse. Tsiku lachitatu chinalowa chikhadabo chokha.

Tsiku lachinayi mudzi unasonkhana pachipata cha kachisi. Kenro anaima kutsogolo ali ndi nsalu yake ya kuntchito, tsitsi litayamba kumera, n'kunena zonse m'mawu ochepa, monga mwa chizolowezi chake. Anthu anayamba kung'ung'udza. Nebsen anatuluka pagulu.

"Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi takhala tikuweruzidwa ndi bondo la woumba njerwa?"

"Tsiku lija lokha," anatero Kenro. "Masiku enawo linkapweteka, koma linkamvera."

"Nanenso mundifunsirenso," anafuula munthu wina kumbuyo. "Nkhani ya mbuzi ija."

"Iwe khala pansi," anatero a Hormin. "Mbuzi ija tinaipeza m'nyumba mwako ikudya mphasa."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamuthandiza Kenro kuposa mawu ake. Anagona chafufumimba, mlonda wa kachisi anamukwapula ndodo khumi. Mlondayo anali mnzake wa pa mowa, ndipo amene anali pafupi amati fumbi la pansi linamva kuwawa kuposa msana. Wabet anamudzutsa n'kumukhazika pamwala m'mbali mwa njira.

"Mwaonda kale," anatero. "Bodza lija linali lolemera."

M'malo mwake anaikamo msodzi wina wa mapewa abwino, amene anadandaula masiku atatu onse chifukwa chomuletsa nsomba. Zitseko zinatseguka, ng'oma zinalira, bwato linatuluka. Anthu analitsatira mpaka pa mkuyu, Kenro akutsimphina kumbuyo atatsamira mkazi wake. Tameket anagwadanso pamalo omwe aja. A Hormin anafunsa funso lomwe lija, mawu ake omwewo.

Bwato silinasunthe.

Linaima nthawi yaitali moti zinkamveka ndi mbalame zokha za m'gumbwa. Thukuta linkatsika m'makosi mwa onyamula. Kenro anazindikira kuti sakudziwa chimene chichitike. Anali atataya mtengo wake, koma zimenezo sizinagule yankho. Khnum akanatha kukananso, ulendo uno ndi mawondo abwino asanu ndi atatu kawiri. Anagwira dzanja la Wabet mwamphamvu mpaka mayiyo anamutsina.

Kenako mphuno ya bwato inagwedera. Onyamula anaponda kutsogolo, phazi limodzi, lachiwiri, n'kuyamba kuthamanga ndithu, moti Tameket anachita kudumphira m'mbali kuti asapondedwe ndi mulungu amene ankamuvomerayo. Anakaima pa ngalande penipeni.

"Mbuye wavomera," anatero a Hormin, akupuma movutikira chifukwa chothamangira kumbuyo. "Ndipo wakuonetsani pamene mwala uime."

Kaya anawanyamula ndi mulungu, kaya ndi mapewa a anthu amene ankamukumbukira Seba, zimenezo kafunseni amene anamaliza sukulu ya alembi. Msodzi uja mpaka lero amalumbira kuti iye sanakankhe.

Nebsen anaima pamizere yake yowongoka ija, manja m'chiuno.

"Nanga kulima konseku?"

"Khnum anabwereka ng'ombe zanu, bambo," anatero Wabet. "Nyadirani. Si aliyense amalimira mulungu."

Anafesa masana omwewo, poti dothi silikanadikira mawa. Mbewu ya Tameket, imene inatsala theka ija, inathera pakati pa munda. Wabet anapita kunyumba n'kubwera ndi dengu la barele wake wofululira mowa, amene anali asanamuviike, n'kumupatsa mwana wamkulu wa Tameket kuti apitirize kumwaza. Panatsala kupondereza mbewu ndi mapazi a nkhosa kuti mbalame zisatole, ndipo nkhosa zapafupi zinali za Nebsen. Anakana kawiri. Kachitatu mkazi wake anatsegula yekha khola, akuti sakufuna kuti mulungu wa mutu wa nkhosa amve kuti kwawo amakaniza nkhosa.

Kenro sakanatha kuthamangitsa ziweto, choncho anakhala pamzere wa ngalande ndi chibuma cha dothi m'manja kuopseza mbalame, zimene sizinkamuopa. Ndi mmene amakhalira mpaka lero, atakhala pansi. Njerwa amaumba chokhala, osenza ndi ena, ndipo chikondwerero chikayandikira a Hormin amamuitana pathamanda kuti azipinditsa mawondo onyamula mmodzimmodzi, poti wabodza amamudziwa mnzake.

Dzuwa litapendekera kumapiri a manda, Tameket anabwera kudzakhala pambali pake, miyendo ili yakuda ndi matope mpaka m'maondo.

"Mawa ndiwoloka Mtsinje kupita kumanda kwa Seba," anatero. "Ndikamupatse mkate wake. Ndikapepesenso."

"Mukamuuze kuti linali bondo langa."

"Ndikamuuza. Adzakudikirani kumeneko ndi mawu."

Wabet anafika ndi dengu lopanda kanthu n'kulivundikira pamutu pa mwamuna wake kumutchinga dzuwa.

"Mowa wa mwezi uno ndi umenewo," anatero, akuloza munda umene nkhosa zinali kupondaponda. "Mukaufuna muudikire umere."

Kenro anayang'ana mundawo kuchokera pansi pa dengu, kuyambira pa mkuyu mpaka pa ngalande.

"Ndidikira," anatero.